Piritsi la M'bokosi la Machesi

Bokosi la machesi lija ndimalikumbukabe, lofewa ndi chinyezi, lonunkha utsi, m'kati muli piritsi limodzi losungunuka m'mbali. Linali dzinja, ndili Sitandade 4, tikukhala kumalaini a esiteti ya tiyi, mabanja ambirimbiri chimbudzi chimodzi, chomwe mvula ikakula chinkasefukira m'njira.

Mng'ono wanga wa zaka zitatu njoka zam'mimba zinali zitamumaliza. Mimba ngati chipanda, timiyendo ngati bango, m'maso muli mbee. Amayi anamumwetsa nthanga za papaya, koma ayi ndithu. M'mawa ankamusiya pamphasa akulira, iwo n'kubereka dengu kukathyola tiyi, poti kapitawo za mwana wodwala analibe nazo ntchito. Ndinkachita mantha, mantha enieni.

Aphunzitsi athu a masamu, ochokera kumpoto, anali ndi zawozawo. Tsiku lina anandandalika zitsekerero za mabotolo khumi patebulo. "Awa ndi ana oyandikana nyumba, onse ali ndi njoka. Asanu ndi anayi amwa mankhwala, mmodzi watsala. Pokolola, odwala ndi angati?" Tonse pamodzi: "Mmodzi!" Iwo n'kupukusa mutu: "Khumi." Tinaseka, amvekere masamu akumpoto amenewo. Anafotokoza za mazira otsalira m'dothi, za mapazi opanda nsapato ndi manja osasamba, koma ine mtima unali pamphasa paja.

Mlungu wotsatira azaumoyo anabwera ndi mapiritsi a njoka zam'mimba, a ana olembedwa m'kaundula wa sukulu okha. Aliyense ankameza pamaso pa aphunzitsi n'kuyasamula. Langa ndinalibisa m'tsaya, nditatuluka n'kulilavulira m'bokosi muja. Ndinathamanga kudula m'mizere ya tiyi, matope mpaka m'mawondo. Amayi sanandikalipire. Anangoti, "Nanga iwe?" n'kuliphwanyira m'sipuni, kumumwetsa mng'ono wanga.

Njoka zinatuluka. Mwana anayamba kudya, kuseka, kundilanda mbatata m'manja. Koma chimanga chisanaume mimba inatupanso, kuposa kale. Amalume anabwera ndi njinga kuchokera ku Khwethemule n'kuwatengera amayi kuchipatala, atamubereka mwanayo. Mng'ono wanga sanabwereko wamoyo.

Lero ndikudziwa kuti dothi lonse la kumalaini linali lodzaza mazira, ndipo mlandu wotere si wosenzetsa mwana. Koma nthawi imeneyo ndinkangodziimba mlandu wa malovu, kuti ndinanyowetsa piritsi mphamvu n'kutha. Sindinkamvetsa kuti chitsekerero chotsala patebulo chija ndinali ine, wogona naye mphasa imodzi, womudyetsa ndi manja anga.