Chithunzi cha Apongozi Anga

Tsiku loyamba kukaonekera kwa makolo a Helen, mzungu yemwe pano ndi mkazi wanga, bambo ake anandikokera m'chipinda chodyera kuti ndikaone chuma chawo. Chinali chithunzi chakalekale, chija amayamba achizokota pamkuwa kenako n'kudinda papepala. Mzimayi woyera mbee wagona chosavala pamapilo, Mwarabu wanduwira akumeza malovu, ndipo pakona paima kapolo wakuda bii akuwakupizira mphepo. Ndikukayika ngati wojambulayo anatulukako mu Ulaya, chifukwa ngamila yomwe anaijambulapo inali ndi miyendo ya mbuzi.

"Si chokongola ichi, Limbani?" anandifunsa.

Ine wa ku Nkhotakota, kumene akapolo ankawolotsedwa nyanja, ndinali ndi zambiri zoti ndinene. Koma munthu wofunsira mbeta satsutsa apongozi. Ndinaika manja kumbuyo ngati mwana wasukulu n'kuti, "N'chokongola zedi, bambo." Ndinayamikiranso nthenga za chokupiziracho, zomwe palibe anandifunsa.

Pa ukwati wathu anachibweretsa atachikulunga bwinobwino, misozi ili lengelenge. "Ndinaona mmene unachikondera," anatero.

Lero chonyansacho chimakhala kuseri kwa wadirobu m'fulati yathu ku Croydon, kuno ku Ulaya. Apongozi akangoimba foni kuti akwera basi kubwera kwathu, ndimathamanga kukachitulutsa, kuchipukuta fumbi n'kuchipachika. Helen amangondiyang'ana, sandithandiza. Ndikamapukuta galasilo, nkhope yanga imaonekera pomwe pali kapolo uja. Bola iyeyo anachita kugwidwa. Ine ndinapita ndekha, nditavala suti.