Chaka Chimene Amai Anatembenuza Khomo la Ofesi

Fungo la polishi wofiira wa pansi limandibwezera ku komboni ya Kanyama, ku kaofesi ka khonsolo kumene amai ankagwira ntchito yosesa. Kanali kachipinda kamodzi ka denga lotsika, kodzaza mafayilo a mapuloti ndi makadi a pamsika. Masana malata ankathetheka ndi dzuwa, makalaliki awiri n'kumadzikupiza ndi zikuto za mafayilo. Dzinja likafika madzi ankalowa pakhomo ngati kwawo, chifukwa pansi pa Kanyama pali thanthwe ndipo mvula silowerera. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkapita kumeneko kukadikira amai.

Chilimwe chimenecho zinthu zinali zitavuta. Atate anali atachotsedwa ntchito kufakitale pamodzi ndi anzawo ambiri, nyumba yonse inkadalira tsache la amai. Sopo, mafuta ophikira a saladi, ngakhale unga zinkapezeka pamzere. Choncho titamva kuti khonsolo imanga ofesi yatsopano pambali pa yakaleyo, anthu anangoseka. Koma tsiku lina kunabweradi mnyamata wamtali wojambula mapulani, ba Sikazwe. Anakhoma zikhomo n'kukoka zingwe. Khomo linayang'ana kumsewu, kolowera dzuwa, ndipo papepala lake panali mawindo aakulu a magalasi.

Amai anayang'ana zingwezo masiku awiri. Tsiku lachitatu, ine ndili pamwala ndikutafuna nzimbe, anatsamiritsa tsache kukhoma n'kupita pamene ba Sikazwe ankayeza pamodzi ndi mkulu wa ofesi, ba Njobvu. Anapinda mawondo pang'ono.

"Pepani ba bwana, ningakambeko? Mukaika chitseko uku, zuba ya masana izangena mukati, na fumbi ya mamotoka. Elo pansi apa manzi yamafika umu." Analoza kolowera dzuwa, kenako katumba ka mwendo wawo pamene madzi ankalekeza.

"Bamake Misozi," anatero ba Njobvu akuloza tsache lija, "nchito yanu ni kupyanga. Vamapulani visiyileni bophunzila."

Ndinaleka kutafuna. Ndinkafuna kuthamanga ndikawakoke chitenje, pakuti ndinkadziwa kuti munthu amachotsedwa ntchito pa zochepa kuposa zimenezo. Koma amai sanabwerere. Anapempha ba Sikazwe kuti alowe nawo m'kaofesi kakale, anakankha kabati, n'kuwaonetsa mizere yoderako pakhoma, mzere uliwonse madzi a chaka chake. Anatsegulanso katoni ya mapepala a mapuloti omatana ndi nkhungu, mayina a eni ake atafufutika. Ba Sikazwe anayeza mzere wapamwamba, analemba m'kabuku, n'kuchoka osatsazika.

Sabata yonse ba Njobvu sanayankhe moni wa amai. Kunyumba amai sanawauze atate, inenso anangondiyang'ana kamodzi ndipo ndinatseka pakamwa. Lolemba lotsatira ba Sikazwe anabwera n'kuzula zikhomo zonse. Magalasi anali atasowa, simenti nayo inali yochepa, ndiye anayenera kujambulanso. Asanakhome chikhomo ngakhale chimodzi anaitana amai, anawafunsa kumene mphepo imachokera, kumene anthu amaima akamadikira, ndi kumene madzi amathawira mvula ikakata. Amai ankayankha akuloza ndi mpini wa tsache. Ba Njobvu ankaonerera pawindo.

Kuyambira pamenepo bwalo linasanduka lofiira. Lole inakhuthula dothi, amuna a m'komboni ankalisakaniza ndi kasimenti pang'ono n'kulipsinja m'makina a manja, njerwa zikuuma pamthunzi zitafunditsidwa masaka onyowa. Atate anapeza nawo ganyu. Ankabwera ndi fumbi lofiira mpaka m'nsidze, ndipo anayambiranso kuimba likhweru posamba, zimene tinali titaziiwala. Maziko anawakweza masitepe atatu ndi miyala imene azimayi a m'mbali mwa msewu ankaphwanya ndi nyundo. Kumtunda kwa makoma anasiya mabowo kuti mpweya wotentha uzituluka, mawindo anaika a matabwa, mashelefu anawakhoma m'mwamba. Khomo linayang'ana kotulukira dzuwa, kutsogolo kwake kuli khonde lalikulu lokhala ndi benchi. Ena mwa malata a khondelo anachokera pa kaofesi kakale, mabowo a misomali atamatidwa ndi phula.

Anzanga kusukulu ankandiseka kuti ofesi ya amai ndi yadothi ngati nyumba ya kumudzi, ndipo ndinkawayankha ndi miyala. Komabe ndikalowamo masana ndinkamva kazizira pamapazi, ndipo magetsi akazima, monga ankachitira kawirikawiri, makalaliki ankapitiriza kulemba ndi kuwala kochokera m'mabowo aja.

Mvula yaikulu inagwa masana ena ofesi itangotsegulidwa kumene. Anthu amene anabwera ndi makadi awo anaunjikana pakhonde, azimayi atakumbatira ana, wina atagwira nkhuku. Tinaonerera madzi abulauni akudzaza msewu, akunyamula mapepala ndi zitsononkho. Anakwera sitepe yoyamba, ananyambita yachiwiri, n'kuima pomwepo. Ba Njobvu anatuluka, anayang'ana madziwo nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa amai amene anali chiimire pakona ndi chokolopera m'manja.

"Bamake Misozi, nkalani pa benchi. Mvula ikali."

Amai anakhala, anaika manja pamiyendo, n'kumayang'ana kunja.

Popita kunyumba tikuwoloka madzi, nsapato zili m'manja, ndinali nditakwiya. Ndinawafunsa chifukwa chake bwanayo sanawathokoze pamaso pa anthu, sanapepese n'komwe. Amai anaseka n'kundiuza kuti ndisamale mabuku anga asanyowe.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti tsiku limenelo amai anaberedwa ulemu wawo. Ndakula tsopano, ndagwira ntchito pansi pa mabwana angapo, ndipo ndaona mmene mawu amalemerera kwa wamkulu amene walakwa pamaso pa wosesa. Ndazindikiranso chimene amai ankachidziwa pamene ankaseka m'madzi muja. Pa zaka zonse zimene anatumikira ofesi imeneyo, aka kanali koyamba munthu kuwauza kuti akhale pansi.