Laini ya m'dzina la malemu

Mkazi wanga atamwalira anandisiyira zinthu zochepa: mbale, bulangete lolemera, nsalu zake za chigwirizano cha amayi, ndi foni. Inali yaing'ono, ya mabatani, yomangidwa ndi mphira chifukwa chotsekera batire chinkagwa. Laini yake inalembedwa m'dzina lake. Nthawi imene ankalembetsa malaini iyeyo ndiye anali ndi chitupa chabwino. Changa chinali chitafufutika nkhope, ndipo ndinkangoti ndidzakonzetsa ku tauni ya Karoi fodya akatha. Koma pa purazi, munda waukulu umene ndimagwirapo ntchito, fodya satha. Uyu akupita kumsika, wina wamera kale kunazale.

Ndimakhala pa komboni ya purazi lina ku Tengwe, m'dziko la anthu olankhula Chishona. Bambo anga anachokera ku Ntcheu, ine ndinabadwira konkuno. Ntchito yanga ndi yosankha fodya kushedi, koma nyengo yowotcha ndimathandiza kumabalani.

Foni ija ndinapitiriza kuigwiritsa ntchito. Abale a kumudzi ankadziwa nambala imeneyo, a kutchalitchi chimodzimodzi. Purazi litasiya kulipira m'manja n'kuyamba kutumiza malipiro pa foni, ndinapereka nambala yomweyo. Kalaliki sanafunse kanthu, pakuti pa komboni pathu ambiri amayendera laini ya mlamu, ya foromani, kapena ya munthu amene anasamuka kalekale. Mwezi ukatha uthenga wa malipiro unkafika ndi dzina la mkazi wanga pamwamba. Ndinkauwerenga pang'onopang'ono ndisanaufufute.

Ndili ndi mwana mmodzi, wamkazi. Amagwira ntchito ku Norton, m'kanyumba kamene anthu amatumizira ndi kutapira ndalama za pa foni. Atabwera pa Pasaka anandiuza kuti akufuna kuyamba kusonkha ndalama ya chiliza cha amayi ake, pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Ndinakondwa. Kenako anatenga foni ija patebulo n'kuitembenuza.

"Ababa, laini iyi mwini wake ndani?"

"Ndi ya amako, ukudziwa."

"Nanga ikatayika mawa, akakufunsani mwini wake ndi chitupa chake, mudzawatengera kumanda?"

"Usamalankhule choncho za amako."

"Pepani, Ababa. Koma ine ndimaona anthu akulira pa windo langa. Ya chiliza sinditumiza pano. Ndizitumiza kwa Sekuru."

Sekuru m'Chishona ndi agogo kapena malume, koma amene ankanenayo si m'bale wathu. Ndi mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe, woyendetsa thirakitala, wa makolo a ku Tete. Tinakulira limodzi. Laini yake ndi ya m'dzina lake, foni yake ndi yaikulu, yongokhudza ndi chala. Mwana wanga anaikanso lamulo lina: ndikalandira uthenga uliwonse wopempha ndalama kapena nambala yachinsinsi, ndisayankhe, ndipite nawo kaye kwa Sekuru, ndipo mwanayo azitsimikiza zonse kudzera kumeneko.

Ndinavomera. Ndinalibe chokanira. Munthuyo sanabepo ngakhale dontho la dizilo, ndipo pa maliro a mkazi wanga anali woyamba kugwira khasu. Chimenecho ndicho chinkandiwawa. Akanakhala wakuba ndikanapeza potsamira mtima wanga.

Kuyambira pamenepo nkhani za mwana wanga zinayamba kulowera khomo la mnzanga. Pa foni yaikulu kulankhulana n'kotsika mtengo, ndiye akatumiza ndalama ankaimba komweko kutsimikiza, ndipo macheza ankapitirira. Mnzangayo ankabwera akupukuta manja a girizi.

"Achimwene, mwana wathu watumiza. Koma chifuwa chija sichinamusiye."

"Chifuwa chiti?"

"Aa, simunamve? Ndamuuza amwe mandimu. Komanso wasamuka, wapeza chipinda pafupi ndi pokwerera makombi, maminibasi aja."

Ndinkayankha kuti zikomo, chifukwa ndi mmene munthu amayankhira. Akapita ndinkayang'ana foni yanga ya mphira. Mwana ankandiimbira ndithu, Lamlungu madzulo, koma mwachidule, mayunitsi akuthamanga, ndipo zonse zimene ankandiuza ndinali nditazimva kale ndi mawu a munthu wina.

Tsiku lina ndinalandira uthenga woti wina wanditumizira ndalama molakwitsa, ndimubwezere mwana wake ali kuchipatala. Ndinaona ndekha kuti ndi bodza, pakuti m'foni munalibe chimene chinalowa. Koma lamulo ndinalivomera, ndiye ndinanyamuka. Mnzangayo anavala magalasi, anawerenga mokweza kuti ndi mkazi wake amve, kenako anajambula mawu n'kutumiza ku Norton: "Usadandaule mwanangu, mudhara bambo ako ndamupulumutsa lero." Ine ndili chiimire pakhomo ngati mwana wa sukulu amene wabwera ndi kabudula wong'ambika.

Choposa zonse chinali cha zithunzi. Mwana anatumiza zithunzi za miyala ya chiliza kuti ndisankhe. Zinafika masana ine ndili kushedi. Pamene ndinkaweruka, mnzanga ndi mkazi wake anali atazionera kale, atakambirana, atagwirizana kuti wakuda ndiye wabwino. Anandionetsa foni ili m'manja mwake, akukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, mkazi wake atatsamira pa phewa lake. Iwo awiri, amoyo, akundisankhira mwala wa mkazi wanga. Lamlungu ndinakhala kumbuyo kwake m'tchalitchi. Ndinapempha Mulungu andichotsere chimene chinali pachifuwa panga, koma maso anga anali pa khosi lake lometedwa bwino, ndipo ndinkadziwa amene anamumeta.

Foni inapsa nyengo yowotcha fodya. Ndinawerama kuti ndisonkhezere nkhuni mu ng'anjo ya balani, inatuluka m'thumba la malaya n'kugwera mkati. Ndinaikokera kunja ndi fosholo ili chibulumwa chakuda chonunkha. Malipiro a mwezi umenewo anali atangolowa kumene.

Ku Karoi, ku sitolo ya kampani ya mafoni, mtsikana wa pa kauntala anali waulemu. Anandifunsa m'Chishona kuti mwini laini ali kuti. Ndinati anamwalira. Anapepesa, kenako anandifotokozera mapepala ofunika: chikalata cha imfa, umboni wa ukwati, ndi chitupa changa chooneka nkhope. Anati zitheka koma zitenga nthawi. Ndinatuluka panja n'kukhala pa khonde la sitolo. Mwana wanga ananena zoona. Ya chiliza inali bwinobwino kwa mnzanga, yanga ndiyo inatsekeredwa m'dzina la munthu wogona kumanda.

Masabata otsatirawo ndinalibe foni. Mkazi wa mnzanga ankanditumizira ndiwo, mnzangayo sananene ngakhale kamodzi kuti tinakuuzani. Ndikafuna kumva mawu a mwana wanga ndinkapita kukakhala pa mpando wawo. Ndinabwerera ku Karoi kangapo za chitupa mpaka chinatuluka.

Tsiku lokatenga chitupa sindinauze munthu cholinga changa chenicheni. Ndinali nditagulitsa nkhuku kuti ndigule foni ina ya mabatani ndi laini ya m'dzina langa. Ndinkafuna kuti kamodzi kokha nkhani ichoke kwa ine kupita kwa mwana wanga osadutsa pa khomo la munthu. Nditakhala podikirira kombi ndinalemba ndi chala chimodzi: "Mwana wanga, ndine bambo ako. Iyi ndi nambala yanga yatsopano. Ya chiliza uzitumiza kuno tsopano."

Sanayankhe. Ndinaimba, inalira n'kudulidwa. Ndinaimbanso, sinalowenso. Ndinaganiza kuti mwina pa windo pali anthu ambiri.

Ndinafika pa komboni dzuwa likupendeka. Mnzanga anandichingamira pa mpopi, nkhope ili yolimba.

"Achimwene, chenjerani. Kwabuka mbava ikudzitcha inuyo."

"Ine?"

"Inuyo! Yalembera mwana kuti ndine bambo ako, tumiza ya chiliza kuno. Tangoganizani, mpaka za chiliza ikuzidziwa! Ndi munthu wa pa komboni pompano ameneyu. Mwana waitsekera, wanditumizira nambala yake, ine ndaiponya kale pa gulu la pa foni la tchalitchi kuti aliyense asaiyankhe. Dikirani ndiiimbire, ndiitukwane pang'ono, Mulungu andikhululukira."

Anaimba. Foni inalira m'thumba langa.

Anandiyang'ana, anayang'ana thumba, kenako anakhala pansi pa simenti ya mpopi. Anaseka mpaka amayi otunga madzi anatula zidebe.

"Mbava ija ndi iyi! Amayi inu, gwirani mbava, yavala jekete la kutchalitchi!"

Ine sindinaseke. Atapuma anaimbira mwana pa foni yake ija yoonana nkhope, n'kuilozetsa kwa ine ndi kafoni kanga m'manja.

"Ndi bambo ako enieni, mwanangu. Ndawayendera mbali zonse, si abodza."

Mwana anagwira pakamwa. "Ababa! Mwalemba ndendende mmene zimalembera mbava. Bwanji simunauze Sekuru kaye?"

"Ndimafuna kuuza iwe."

Mnzanga anasiya kuseka. Anandipatsa foni m'manja, ulendo woyamba, n'kupita kukathandiza mayi wina kusenza chidebe.

"Wachita bwino kutseka," ndinatero. "Ndi ntchito yako, ndipo ukuidziwa. Ndalamayo ikhale kumene ili mpaka mwala ugulidwe, sindikuilimbirana. Koma ukadwala ndizimva ine. Ukasamuka ndizimva ine. Ndatsala ndi iwe wekha."

"Ndamva, Ababa," anatero. Mawu ake anali aang'ono ngati ali mwana.

Nambala ija mwana anaitsegula tsiku lomwelo. Koma nkhani ya pa gulu la tchalitchi inali itayenda kale, mpaka kumapurazi oyandikana nawo. Ndikaimbira munthu ankadula. Mlembi wa mpingo anandiyankha ndi uthenga woti ndilape. Lamlungu, pa nthawi ya zolengeza, mnzanga anaimirira kutsogolo n'kundiitana kuti ndiime pambali pake. Anawerenga nambala yanga manambala amodziamodzi, n'kuuza mpingo kuti iye akuikira umboni kuti mwini wake ndi ine. Anthu anaseka mwachikondi, ena anaomba m'manja. Ndinaima pamenepo, munthu wa imvi, wobatizidwa m'tchalitchi chomwecho, ndikudikira kuti woyendetsa thirakitala amalize kunditsimikiza.

Madzulo ake foni yanga inalira. Mwana analankhula nthawi yaitali, osathamangira mayunitsi. Chakumapeto anazengereza, kenako anati pali mnyamata wina, wokonza magalimoto ku Norton komweko, amene akufuna kutuma akwawo kuti adzaonekere kwathu. Anati sanauze wina aliyense. Ndinamufunsa ngati amapemphera, anati inde. Ndinamufunsa akwawo ndi a kuti, anati a ku Darwendale, makolo ake ndi a ku Dedza.

Nditatuluka panja mnzanga anali pa khonde lake akukonola chimanga chowotcha.

"Akuti bwanji ku Norton?"

"Akupereka moni."

"Basi? Nthawi yonse ija moni yekha?"

"Moni wambiri."

Nkhaniyo ndinaisunga sabata yonse. Ndinkapita nayo kushedi, ndinkabwera nayo, ndikamuona mnzanga akudutsa pa thirakitala ndinkamukwezera dzanja mokoma mtima kuposa kale. Loweruka ndinapita kukamuuza, chifukwa pa zaukwati pamafunika ankhoswe, ndipo pa komboni yonse palibe wina amene ndikanamutuma.

Anadumpha pa mpando, anaomba m'manja, anaitana mkazi wake kuti adzamve. Kudabwa kwake kunali kwakukulu kwambiri moti ndinayamba kukayika ngati sanali atamva kale. Mkazi wake anangomwetulira, maso ali pa nyemba zimene ankasankha. Sindinafunse. Ndinamupempha kuti akhale nkhoswe ya mwana wanga, ndipo anavomera.