Nyani wa Alamu Anga

Pa Chitakale ndagulitsapo zambiri: mabokosi a mkungudza, nanazi, ndodo zokwerera phiri, ngakhale ambulera yothyoka nthiti imene ndinauza wogula kuti ndi sitayilo yatsopano. Koma dothi ndinagulitsa kamodzi kokha, ndipo ndilo linandidanitsa ndi alamu anga, amuna a mchemwali wanga.

Tsiku lina pa siteji panatsika mayi a ku Japan, ojambula zithunzi ndi burashi. Penti wa m'sitolo sankamufuna. Ankapera dothi ndi miyala n'kusakaniza ndi guluu, ati phiri lijambulidwe ndi thupi lake lomwe. Nditamva kuti akufuna dothi lofiira, ndinati Mulungu wandikumbuka. Kuphiri ndinaona kutalika, choncho ndinasinja njerwa za chimbudzi changa chakugwa, n'kusefa bwinobwino. Ndinawauza kuti dothilo lachokera pamwamba pa phiri la Chambe, kumene amafikako olimba mtima okha. Tinanenerera mtengo mpaka dzuwa kupendeka, iwo akuwerama, ine ndikuwerama kuposa iwo. Pomaliza anati adzajambulanso nkhope yanga, chithunzicho chikapachikidwe kwawo.

Msika wonse unadziwa, poti ine pakamwa sipatsekeka. Ndinakameta, jekete ndinachapitsa.

Alamu anga, amene amaperekeza alendo kuphiri, anangodikira tsiku lojambula. Pamaso pa anthu anatapa dothi langa, kulinunkhiza, n'kuuza mayiwo m'Chingerezi chawo chothyokathyoka kuti iyi ndi njerwa, ndipo chimbudzi chake akuchidziwa. Msika unaseka mpaka amayi ogulitsa tomato kugwetsa milu. Pampando wojambulidwirapo, m'malo mwa ine, anakhalapo ndi alamuwo, atavala chipewa chobwereka. Kuyambira tsikulo dzina langa linali Anjerwa.

Kunama ndinanamadi, sindikana. Koma mlamu amakudzudzulira kuseri kwa nyumba, osati pa siteji.

M'mawa mwake ndinanyamula nanazi kukapepesa kwa mayiwo. Anandikhululukira msanga, kenako anandifunsa kuti ndi nyama iti imene ili pafupi kwambiri ndi moyo wa alamu anga aja. Anati iwo sajambula munthu payekha, amamuika pamodzi ndi cholengedwa chimene amagawana nacho chakudya ndi mvula.

Apa sindinaname ngakhale pang'ono. Munda wa alamu uli m'tsinde mwa phiri, ndipo chaka ndi chaka chimanga chawo amagawana ndi anyani. Ndinafotokoza mwaulemu kuti iwo ndi anyani ndi amodzi: amalawirira munda umodzi, amadziwana nkhope, amakalipirana ngati pachibale. Mayiwo analemba zonse m'kabuku, maso akuwala. Mwina kwawo kufanizidwa ndi nyani ndi ulemu. Kuno ayi, ndipo sindinaone chifukwa chowauzira.

Patapita miyezi chithunzi chinafika pa foni ya alamu, iwo n'kuchitsegula pakati pa gulu asanachione paokha. Anali atakhala pamwala, Chambe kumbuyo, pambali pawo chinyani chachimuna, onse awiri atagwira chimanga chimodzi. Kakhalidwe kamodzi, kayang'anidwe kamodzi. Chinkawasiyanitsa ndi chipewa chobwereka chija basi.

Alamu anabwera pabenchi yanga.

"Alamu, zimenezi munawauza ndinu?"

"Ine ndi wabodza, alamu, munalengeza nokha. Akanandikhulupirira bwanji?"

Chithunzicho chinali chitazungulira kale m'mafoni a msika wonse. Ndinakachisindikiza chachikulu, n'kuchipachika pamwamba pa katundu wanga. Dzina la Anjerwa linafa sabata yomweyo. Lawo, lochokera pa nyaniyo, lilipo mpaka lero, makondakitala amaliitana minibasi ikamawadutsa. Mchemwali wanga anatha chaka osandiyankha moni, koma chithunzi sindinachotse. Chikafwifwa ndi dzuwa ndimakasindikiza china.

Chimodzi chokha ndi chimene sindiuza ogula. Kufiira kumene kuli kumatako kwa nyaniyo ndimakudziwa bwino. Dothi la kuphiri silifiira choncho. Ndi njerwa zanga zija.