Mphini za pachifuwa

Lero mdzukulu wanga wasiya lezala pawindo. Nditaliona, dzanja langa lapita lokha pachifuwa pamene pali mphini.

Ndinali kamtsikana, mawere asanamere, kwathu ku Nambuma m'zaka za m'ma 1950. Dzina loti khansa sitinkalidziwa, tinkangoti chilonda cha bere. Chinatenga agogo, kenako amayi aakulu, ndipo fungo lake linali lisanachoke m'nyumba. Maliro atangotha, amalume anaitana sing'anga kuti atitemere ana aakazi tonse a mbumba yawo.

Ndinathawira m'chigafa cha fodya, koma anakandikokamo. Amayi anandipana ndi miyendo, nandigwira manja. Lezala linali lozizira, mankhwala akuda a sing'angayo akununkha utsi.

"Amayi, kodi amayi aakulu sanawatemere?"

"Anawatemera."

"Nanga bwanji anamwalira?"

"Khala chete, iwe!"

Ndinaponya mutu kumbuyo kuti ndipulumuke, ndipo unagunda chinthu cholimba ngati mwala m'bere la amayi. Amayi anabuula, nayang'ana amalume mwamantha. Kenako anandifinya kwambiri, pakamwa pawo pali pakhutu langa.

"Usanene," anandinong'oneza.

Atatero anakweza mawu: "Mutemereni mwanayu, asing'anga. Muzamitse ndithu."