Fungo la bulugamu m'thumba la mbewu

Ndikukumbukira chaka chimene madzi osefukira analowa m'nyumba mwathu ku Kaporo, ndili ndi zaka ngati khumi. Mpunga wathu wonse unanyowa n'kumera. Linapulumuka ndi thumba limodzi la mbewu limene adada analikweza kudenga. Amama atalimasula anapezamo anankafumbwe akuyenda. Likanafumbwa thumba limenelo, tikanasowa chofesa mvula ikabwera.

Mankhwala a kusitolo sitikanawakwanitsa. Choncho amama anandipatsa ntchito yothyola masamba a bulugamu ndi mpungabwi, kuwaumitsa, kuti tisakanize ndi mbewu. Anati ndiyanike m'khonde, pamthunzi.

Adada anakulira ku Ngara, kwa asodzi, ndipo kwa iwo chinthu chouma bwino ndi chimene chaona dzuwa ngati usipa.

"Tumpale, kweza pamalata apo," anandiuza. "Pofika madzulo akhala atauma gwaa."

"Awiske Tumpale, si nsomba zanu izi," anayankha amama ali m'khitchini, kuwaitana adada mwa chikwathu kuti bambo a Tumpale.

Ine ndinali mwana wosatha kutsutsa wamkulu. Ndinagawa masambawo pawiri, ena pamalata a khola la nkhuku, ena m'khonde. Tsiku limenelo pabwalo ponse panamveka kafungo kozizira m'mphuno, ndipo ndinaganiza kuti adada apambana. Koma nditatsitsa masamba a pamalata n'kuwafikisa, ankangonunkhira pang'ono, ngati udzu wofolera. A m'khonde anachedwa kuuma, koma ukathyola limodzi fungo linkachita kulasa m'maso.

Zinandizunguza mutu. Fungo lapita kuti? Kodi lili ndi miyendo? Ndinafunsa amama monong'ona, kuopa kusekedwa. Iwo anatenga tsamba laliwisi la bulugamu n'kulilozetsa kudzuwa. Ndinaona timadontho tambirimbiri towala, tating'ono kuposa nsonga ya singano.

"Umo muli mafuta," anatero. "Fikisa uone."

Zala zanga zinachita noninoni, koma posakhalitsa zinauma zokha, osasiya banga ngati mafuta ophikira.

"Mafuta m'tsamba?" adada anaseka. "Basi tileke kugula, tizikazingira bulugamu!"

"Mukazinge nokha, mudyenso nokha," amama anawabweza.

Ine mtima sunakhazikike. Ndinatola anankafumbwe angapo m'thumba, ndinawaika pakati pa beseni, mbali ina masamba a pamalata, mbali ina a m'khonde, onse ofikisa. Ndinagona chafufumimba kuyang'ana. Poyamba ankangozungulira. Kenaka ambiri anayamba kulowera ku masamba a pamalata, ena mpaka kubisala pansi pake. Mmodzi anafika pafupi ndi a m'khonde, anaima, anagwedeza tinyanga take, n'kubwerera.

Adada anabwera kudzasuzumira ndipo anayang'ana nthawi yaitali kuposa ine.

"Yayi, tizilomboti tagwirizana ndi amama ako," anatero, n'kukataya okha masamba a pamalata aja.

Tinapeta mbewu, tinaiyanika, tinasakaniza ndi masamba a m'khonde n'kumanga thumba zolimba. Ntchito yanga inakhala yomasula thumbalo mwa apo ndi apo n'kununkhiza m'kati. Fungo likayamba kuzilala ndinkathyola masamba ena. Anankafumbwe sanathe onse, ndisaname. Pomasula nthawi yofesa tinapeza njere zina zobooka, koma zambiri zinali zamoyo, ndipo nazale yathu inamera yobiriwira ngati ya anzathu.

Sukulu sindinapite nayo patali, ndipo maina a zimene zili m'mafuta amenewo sindiwadziwa. Ndinangomva kwa mlangizi wa zaulimi kuti n'zosakanikirana zambiri, ndipo mtengo umazipanga podziteteza ku tizilombo. Chimene ndikumvetsa tsopano, pamene ndikusunga mbewu yodyetsa mwana wanga, n'chakuti fungo ndi chinthu chenicheni, chimachoka pamalo ena kupita pena. Likadzaza pabwalo ndiye kuti m'tsamba latsala lochepa. Ndiye ndikamanga thumba langa ndimanunkhiza kunja kwake, ndipo ndikapanda kumva kanthu mpaka nditamasula, ndimagona mtima uli m'malo, podziwa kuti fungo lonse lili m'kati ndi mbewu.