Tsiku Limene Ndinakweza Gitala ya Che Idi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza paukwati wa mnzanga ku Katoto, mu Mzuzu. Ndinali pamikisa ya kutchalitchi kwathu, makina aja owongolera mawu a m'masipika, monga ndinkachitira Lamlungu lililonse, chifukwa amuna onse amene anayeserapo ankaliritsa maiki ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Mwambo utatha anandipeza bambo wina wamtali, wadazi, mimba ili patsogolo, n'kundifunsa kuti ndine mwana wa yani. Nditawauza anati, "NyaMhango, tsiku lonse maiki osalira olo kamodzi? Mubwere Lachiwiri ku Zolozolo. Mukafunse pagalaja ya Chirwa."

Ndinkaganiza kuti akufuna munthu wosesa muofesi. Kuseri kwa galajayo ndinapezako bandi, ndipo mwini wake anali bambo wadazi uja, adada Chirwa.

Adada Chirwa anagwirapo ntchito kunja kwa dziko ali mnyamata, ndipo anabwerako ndi makaseti a gulu lina la azungu loimba roko, aja a tsitsi lofika m'mapewa. Bandi yawo sinkaimba nyimbo za wina aliyense, ngakhale zawozawo. Inkangoimba za gulu limenelo basi, ndipo lamulo linali lakuti munthu akatsinzina asathe kusiyanitsa. Pamene mzungu anakhosomola pakaseti, adada Chirwa nawonso ankakhosomola pomwepo. Chingelezi cha m'nyimbomo mwina sankachimva chonse, koma ankachitulutsa monga chinalowera. Ankavala buluku lothina lonyezimira ndi wigi yakuda yaitali, imene aliyense m'bandimo ankadziwa kuti ndi ya akazi awo, amama NyaKaunda, koma palibe amene ankanena.

Nthawi imeneyo yunivesite inali itangotsegulidwa kumene, maloji akumera paliponse, ndipo ophunzira ankafuna pokachezera Loweruka masana. Ntchito inalipo.

Mikisa yathu inali ya machanelo asanu ndi atatu. Ndinkafika ola limodzi anthu asanabwere, n'kuyala mawaya, kuwamata pansi ndi tepi kuti munthu asakodwe, kenako kuyesa chanelo imodzi imodzi: maiki a adada Chirwa, ng'oma, besi, kiyibodi. Masipika aakulu amayang'ana kwa anthu, mamonita amayang'ana kwa oimba kuti azidzimva. Amplifaya imayatsidwa pomaliza ndipo imazimitsidwa poyamba, apo ayi sipika imaphulika. Chanelo iliyonse ili ndi feda, kachogwirira kamene umakankhira m'mwamba kuti mawu akwere, komanso kabatani komvera chaneloyo pawekha m'mahedifoni, anthu osamva. Zimenezi ndinkazidziwa kale. Chimene sindinkachidziwa anandiuza adada Chirwa tsiku lachitatu, atatseka chitseko.

"Chanelo faifi ndi gitala ya Che Idi. Feda yake imakhala pansi. Pansi penipeni, mwamva? Chanelo eyiti ndi deki."

Nkhani yake inali yotere. Woimba gitala wawo woyamba anapita ku Joni, koma asananyamuke anamujambula pakaseti akuimba zigawo zonse zija gitala imalira yokha pakati pa nyimbo. Chigawo chilichonse chinkayamba ndi kugogoda kwa timitengo kanayi, kuti a Kumwenda a pang'oma agwire liwiro lake. Bandi ikafika pamalopo inkaima kamphindi, ine n'kudina deki yoimbira kasetiyo, kukweza eyiti, gitala n'kulira. Ntchito ya Che Idi inali kugwada, kupindira msana kumbuyo ndi kusinya nkhope.

Che Idi anali telala wa mumsika, kwawo ku Mangochi, munthu wofatsa woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo. Ndiwo ankasoka zovala za bandi. Anawalemba ntchito chifukwa anali owonda, a zala zazitali, ndipo adada Chirwa ankati akatembenukira cham'mbali amafanana ndi mzungu wa pachikuto cha kaseti.

Patapita miyezi iwiri, tsiku lina tili pasiteji ndinadina kabatani ka chanelo faifi mwangozi. Ndinkayembekezera kumva phokoso la munthu wongokanda mawaya. Ndinamva nyimbo. Che Idi ankatsatira kaseti ija noti ndi noti, pena kutsalira pang'ono, pena kuphonya, koma inali nyimbo yomweyo. Popinda mawaya ndinawafunsa kuti amavutikiranji kuimba zenizeni pomwe palibe akumva.

"Achemwali, kugwedeza zala mwabodza n'kovuta," anatero. "Ndinayesa, ndinkasokonezeka. Ndinaona kuti bola ndingoiphunzira."

Ankaiphunzirira kushopu, gitala yosalumikiza ili pamwendo, makasitomala akachepa. Ndinakawauza adada Chirwa. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti mbuzi yawerenga nyuzipepala. "Che Idi ndi telala wabwino chomene," anatero. "Faifi pansi."

Tsiku lovuta linafika ndi ophunzira a ku yunivesite. Komiti yawo ya zisangalalo inkafuna bandi yoti izidzawaimbira chaka chonse, ndipo anatiitana kuti atiyese Loweruka masana pabwalo la loji ina. Wapampando wawo, mtsikana wamagalasi wosaseka wamba, ananeneratu kuti akufuna bandi yoimba yokha, chifukwa ina inawapusitsapo ndi makaseti. Adada Chirwa anayankha dzanja lili pachifuwa: "Amama, ife ndi laivi."

M'mawa mwake kunayamba kamvula kaja ka ku Mzuzu kosagwa kwenikweni koma kosasiya. Pikapu yonyamula zida inatitimira m'matope ku Zolozolo, tinachita kukankha tonse. Tinafika anthu atadzaza kale, ena ataimirira pamipando. Magetsi kunalibe, jenereta inayamba itakana kaye maulendo angapo. Ndinayala mawaya mothamanga, ndinafunditsa mikisa pepala la pulasitiki, ndinayesa machanelo onse. Nthawi zonse ndinkamvera kaseti m'mahedifoni tisanayambe. Tsiku limenelo adada Chirwa anandipatsa kuchokera m'thumba la jekete, ine n'kungoibwezera poyambira, kuika kaunta pa ziro, basi.

Nyimbo ziwiri zoyamba zinalibe chigawo cha gitala, ndipo zinayenda bwino. Ndinene zoona, bandi ija inkatha. A Kumwenda ankamenya ng'oma ngati ali nayo mangawa akale, koma liwiro osasuntha. Wabesi sankagwedezeka n'komwe, ankangoima ngati mlonda, mawu ake n'kumakugunda m'mimba. Adada Chirwa mawu anali nawo, okhakhala, okwera mpaka pena n'kumaopa kuti mtsempha uduka. Ophunzira anayamba kudumpha.

Yachitatu inali nyimbo yathu yaikulu. Inafika pakati, bandi inaima. Che Idi anagwada pamatabwa onyowa, anapindira msana kumbuyo, anatsinzina. Ndinadina deki, ndinakweza eyiti.

M'malo mwa timitengo, m'masipika munamveka munthu akukonza kukhosi. Kenako mawu a mayi, omveka bwino kuposa chilichonse chimene ndinatulutsapo pamikisa ija:

"Monire mwana wane Wongani."

Anali amama NyaKaunda. Mwana wawo wamwamuna anali ku Joni, ndipo popeza kulemba kunkawatopetsa, ankamutumizira uthenga wa pakaseti. Anapeza kaseti pawindo, timano take tija amathyola poletsa kujambula tili tosathyola, n'kuilowetsa muwailesi. Ankayankhula m'Chitumbuka, chimene pafupifupi aliyense pabwalopo ankamva.

"Kuno tili bwino tonse, koma abambo ako misala ija yakula. Wigi yanga ija ndinavala paukwati wa mlongo wako anatenga, akuti ndi ya kuntchito. Ikabwera imanunkha thukuta. Buluku limene akuvala masiku ano, kuti avule timachita kukoka anthu awiri, ine ndi amayi a paneba, iwo atagwira mwendo wa bedi."

Anthu amandifunsa kuti bwanji sindinatsitse feda msanga. Ndimayankha kuti manja anauma ndi mantha, ndipo n'zoona. Komanso, Mulungu andikhululukire, ndinkafuna kumva kuti zithera pati.

"Ukamabwera undigulire wigi ina, koma ukafikire nayo kwa azakhali ako."

Apo ndiye ndinatsitsa. Bwalo lonse linali litagona ndi kuseka, ena akugubuduka paudzu wonyowa. Adada Chirwa anangoima, maiki ali pakamwa, madzi akudontha kuwigi. Kuseka kukanatha bwino, koma mnyamata wina kumbuyo anakuwa, "Ndiye kuti gitala ija imakhala kaseti!" Mawuwo anayenda msanga. Kuseka kunasanduka kukuwiza. "Bodza! Atsike!" Chitsononkho cha chimanga chinagwera pafupi ndi ng'oma. Ndinaona wapampando uja akudutsa pakati pa anthu kulunjika kwa ine, magalasi ali mbuu ndi mvula.

Che Idi anali chigwadire. Anatsegula maso n'kundiyang'ana ngati munthu wofunsa njira. Sindinaganize nthawi yaitali, chifukwa ndikanaganiza sindikanachita. Ndinawaonetsa zala zisanu, n'kukankha feda ya chanelo faifi mpaka pamwamba.

Chala chawo chinali pawaya, ndipo gitala inakuwa kamodzi mokweza zedi. Che Idi anadzidzimuka mpaka kutsala pang'ono kuitaya. Chibadwire anali asanadzimvepo m'masipika. A Kumwenda anamvetsa msanga kuposa tonse. Anakweza timitengo, anagogoda kanayi.

Poyamba zinali zomvetsa chisoni. Noti yachitatu inapita kwina, ndipo anatsalira kumbuyo kwa ng'oma. A Kumwenda anabweza liwiro pang'ono kuwadikira, wabesi anatsatira. Kenako Che Idi anaimirira. Anasiya kusinya nkhope, anasiya kupinda msana, anangoweramira gitala monga amaweramira makina osokera, lilime lili panja pang'ono. Nyimbo inagwira. Pali malo amene gitala imakwera mpaka pamwamba penipeni n'kukhala pamenepo ikulira. Iwo anafika cham'munsi mwake, anamva kuti sipo, n'kukankha waya ndi chala pang'onopang'ono mpaka noti inalowa m'malo mwake. Pakaseti paja sizinkamveka choncho, chifukwa wa pakaseti sankaopa chilichonse.

Wapampando anafika pamikisa. Anatsegula deki, anatulutsa kaseti, anayang'ana kusiteji kumene gitala inali ikulirabe, n'kuikweza kasetiyo m'mwamba kuti onse aone. Phokoso limene linatuluka pabwalopo linaposa masipika anga. Chigawocho chimayenera kutha, koma Che Idi sankadziwa potulukira popanda kaseti yowatsogolera, choncho anangobwereranso poyambira. Anazungulira katatu. Kachitatuko anaikamo tina tawo tosachokera kwa mzungu aliyense, tonga timene timamveka paukwati kwawo kunyanja, ndipo ophunzira anatilandira ndi nthungululu. A Kumwenda ndiwo anachita kuwatulutsa pomenya mbale za ng'oma.

Nyimbo itatha, anthu anayamba kuimba mogwirizana, akuwomba m'manja: "Bwezani wigi! Bwezani wigi!" Adada Chirwa anaigwira wigi ija pamutu. Kenako anaivula, anaifinya madzi, anaipinda bwinobwino n'kuiika pamwamba pa amplifaya. "Yewo chomene," anatero pamaiki. "Ikafika kwa eni ake." Nyimbo zotsalazo anaimba dazi lili pamtunda, ndipo anaimba bwino kuposa kale, poti tsitsi linasiya kuwalowa m'kamwa. Zigawo zonse za gitala anaimba Che Idi. Zina zinatuluka bwino, chimodzi chinagwa pakati n'kudzukanso. Palibe anaponyanso chitsononkho.

Wapampando anati tidzamva yankho mkati mwa sabata. Popita anandibwezera kaseti n'kunena kuti, "Iyi mukawapatse amama. Mwana akudikira."

Lachiwiri ndinapita kugalaja ndikudziwa kuti ntchito yatha. Ndinapeza onse atakhala pamatayala, adada Chirwa ali ndi kapepala m'manja.

"NyaMhango, kaseti ija munaimvera tisanayambe?"

"Ayi, adada."

"Nanga faifi anakuuzani ndani kuti mukweze?"

"Palibe, adada."

Anagwedeza mutu nthawi yaitali. Anati kalata ya ophunzira yabwera, atitenga, koma alembamo kuti deki isadzaonekenso pafupi ndi siteji. Anati kunyumba nkhani inakambidwa ndipo sakufuna funso lililonse. Kenako anatembenukira kwa Che Idi n'kutambasula kapepala kaja.

"Che Idi, m'nyimbo yachitatu ija munalakwitsa malo asanu ndi awiri. Ndawalemba onse apa."

"Pepani, bwana," anatero Che Idi, maso ali pansi.

"Loweruka likubwerali mudzalakwitsenso chimodzimodzi. Musadzasinthe olo pamodzi."

Ndinagwira nawo ntchito zaka zitatu. Lero ndili ndi zida zangazanga, ndimapita m'maukwati, m'misonkhano ndi m'mabandi a ana a masiku ano amene nyimbo zawo zimabwera pafoni. Chilichonse chimene chidzadutse m'masipika anga ndimayamba ndachimvera ndekha mpaka kumapeto, kaya mvula ikugwa, kaya mwini mwambo akundiimirira pamutu ndi wotchi. Ndipo mwini bandi akandinong'oneza kuti uyu musamukweze, ndimavomera mwaulemu, kenako ndimavala mahedifoni n'kumumvera munthuyo pandekha. Nthawi zambiri mwini bandi amakhala akunena zoona, ndipo feda imakhala pansi. Koma ndimafuna ndikhale nditamva ndi makutu anga ndisanamutsekere munthu pakamwa.